MGB ya 1970 yomwe yakhala zaka osayenda: ntchito iyambire kunsi kwa zitseko

Funso lafika kuchokera kwa bambo wina amene wagula MGB ya 1970, ya mipando iwiri ndi denga la nsalu. Galimotoyo yakhala m'shedi zaka zoposa 10 osayenda. Injini ikutheka kuizungulitsa ndi dzanja, penti yasuluka, ndipo chitseko cha woyendetsa chimafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitsekeke. Bamboyo akufuna kuipopera penti yatsopano, kuika marimu aakulu ndi kusintha injini, mwina kuikamo V8, injini yaikulu ya masilinda 8. Akufunsa poyambira, ndi komwe ndalama zake zipite koyamba.

Bambo, mwagula galimoto yabwino kuphunzirirapo ntchito imeneyi. MGB inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo anatulutsa zoposa 500,000. N'chifukwa chake pafupifupi sipeya iliyonse, kuyambira kabawuti mpaka bodi yathunthu, ikupezekabe lero. Koma pa zonse mwalembazi, ine ndaima pa chitseko chija. Musagule penti, musagule marimu, ngakhale mtengo wa V8 musaufunse, mpaka mutadziwa chomwe chagwetsa chitsekocho.

MGB ilibe chasisi yapayokha ngati ya pikiapu, yoti bodi ikawola mungoichotsa n'kukhazikapo ina. Bodi yomweyo ndiyo chasisi. Ndiye poti yanuyo ilibe denga lachitsulo, zomwe zikugwira kutsogolo ndi kumbuyo kuti galimoto isapindike pakati ndi ziwiri basi: kamtumbira kapakati komwe kunsi kwake kuli giyabokosi, ndi ma sill awiri, zitsulo zazitali za m'munsi mwa zitseko. Sill yowola ili ngati mtanda wa nyumba womwe chiswe chadya m'kati, kunja umaoneka wabwinobwino mpaka tsiku lomwe denga lidzagwe.

Poiyang'ana mungayese ndi chitsulo chimodzi, koma ndi zinayi zowotchereredwa pamodzi. Pali chakunja chomwe mukuchionacho, chophwatalala choimirira pakati, chapansi chomwe amisiri amati castle rail, ndi cham'kati chomwe chabisika ndi kapeti pambali pa mpando. Komanso sill siithera pomwe chitseko chathera. Imalowa kuseri kwa madigadi akutsogolo ndi akumbuyo, komwe matope amakhala chaka chonse osauma. Dzimbiri limayambira m'kati n'kumabwera kunja, moti mukaona timatuza pa penti, chitsulo chapakati chija chinadyeka kalekale.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama. Imikani galimoto pa simenti yosalala. Tsegulani chitseko, chigwireni kumapeto n'kuchinyamula. Chikamagwedera pa mahinjesi penipeni, mwina vuto ndi mahinjesi okha, ndipo mwapulumuka. Koma mahinjesi akakhala olimba pamene mzati womwe agwirapo ukusuntha, nkhani yakula. Chitsekeni tsopano, muyang'ane mpata wa pakati pa chitseko ndi madigadi akumbuyo. Uyenera kufanana kuchokera pamwamba mpaka pansi, mamilimita 4 kapena 5. Ukakhala wothina pamwamba koma wotakasuka pansi, galimotoyo yayamba kulendewera pakati. Kenako kwezani mbali imodzi pang'ono ndi jeke, mutaika thabwa, wina akuyang'anitsitsa mpatawo. Pa bodi yolimba susintha kwenikweni. Ukamatseguka, kapena mukamva kuphwanyika kwa chitsulo, tsitsani msanga, ndipo pasapezeke wolowa kunsi.

Tengani maginito a sipika yakale, akulungeni m'kansalu, muwayendetse m'munsi monse mwa bodi. Pomwe sakugwira pali fila, phala lomatira ndi kusalaza bodi. Boneti yokha isakudabwitseni, ya ma MGB oyambirira inali ya aluminiyamu. Chotsani kapeti ndi mipando, mubaye pansi ndi sikuludiraiva mosanyengerera. Masulani tizitsulo totchinga matope kuseri kwa matayala akutsogolo. Kawirikawiri kumatuluka dothi lodzaza manja, ndipo kuseri kwa dothilo n'kumene mudzaone nsonga ya sill mmene ilili. Onaninso pomwe pamagwira masipuling'i akumbuyo, zikhwere ziwiri za mabatire kuseri kwa mipando, pansi pa buti, ndi pamwamba pa madigadi am'kati akutsogolo. Kutsogolo kwa galasi kuli kabokosi kolowera mpweya komwe kali ndi paipi yotaya madzi. Paipiyo ikatsekeka ndi masamba, madzi amvula amaima momwemo n'kuboola mpaka kudonthera kumapazi.

Mukapeza kuti ma sill atha, ndalama zanu zoyamba zipite pamenepo. Pamenepanso ndi pomwe magalimoto ambiri otere amaonongekera m'manja mwa anthu ofuna zabwino. Mmisiri wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ndi makina a ndodo asaigwire. Zitsulo za bodi imeneyi n'zopyapyala, zambiri pakati pa milimita 0.9 ndi 1.2, ndipo ndodo ya 2.5 imangoboola. Wa gasi amatha ndithu, koma moto wake umafalikira patali n'kupinda chitsulo, ndipo ena amathamangira kumata ndi mkuwa, zomwe siziyenera pa chitsulo chosenza kulemera kwa galimoto. Funani munthu wa makina owotcherera otchedwa MIG, wogwiritsa waya wa milimita 0.6 ndi gasi wosakaniza argon ndi carbon dioxide. Mupempheni alumikize tizidutswa tiwiri ta chitsulo cha milimita imodzi inu muli pomwepo, kenako mutikanule ndi tchizulo. Chitsulo ching'ambike pambali pa powotchererapo. Pakangomatuka mosavuta, mthokozeni mukafune wina.

Asanadule kalikonse, thanki ya petulo ndi mabatire zichoke, mawaya ndi mapaipi odutsa kunsi asunthidwe. Konzani mahinjesi kaye, ndipo zitseko zikhale pamalo pake, chifukwa chitseko ndicho muyeso wanu pa ntchito yonseyi. Khazikani galimoto pa masitandi, muzichinjiriza apa ndi apo mpaka mipata ifanane; mwina pakati pafunika kutukula pang'ono. Zikafanana, wotchererani chitsulo cha bokosi cha mamilimita 25 chopingasa khomo lililonse, cham'kati kuti chitseko chizitsekabe, ndi china chochoka mbali ina kufika inzake. Mukatero dulani mbali imodzi yokha. Inayo ikhale yogwira bodi komanso yoonerapo. Amene amadula mbali zonse tsiku limodzi amadzazindikira kumapeto kuti zitseko sizikulowanso, ndipo kuwongola bodi yopotoka n'kovuta kuposa ntchito yonse ya ma sill.

Madigadi akutsogolo amamasuka ndi mabawuti, koma chigawo cham'munsi cha akumbuyo chiyenera kudulidwa kuti sill yonse ilowe. Wina akakuuzani kuti angophimba ndi chigamba pamwamba pa yowolayo, kanani. Chigambacho chimangobisa vuto n'kusunga chinyezi, mphamvu sichibweza. Zitsulo zatsopano zigwidwe kaye ndi makilampu ndi tisikulu, chitseko chitsekedwe ndi kutsegulidwa kangapo, moto uyambe pokhapokha zonse zakhala bwino. Kufakitale analumikiza ndi timadontho ta spot weld. Ndi MIG mumatsanzira poboola mabowo a mamilimita 6 mpaka 8, otalikirana mamilimita 25 mpaka 30, n'kudzaza bowo lililonse kuyambira pa chitsulo chakunsi. Aziwotcherera modumphadumpha, apa kenako uko, kuti chitsulo chizipeza nthawi yozizira. Pomwe zitsulo zigundane pakani pulaimala ya zinc yolola kuwotcherera, poti mukatseka simudzafikaponso.

Zitsulo zinayi za sill gulani zopangiratu. British Motor Heritage imapangabe zitsulo za bodi ya MGB, ndipo ogulitsa ngati Moss Europe amatumiza kunja. Kutumiza kumadula chifukwa n'zazitali, komabe castle rail yopinda pamanja siituluka bwino. Tizigamba tapansi mmisiri wodziwa angapinde kuchokera ku chitsulo cha milimita 1.0 kapena 1.2. Malata a denga ayi: ndi opyapyala, ndiponso utsi wa zinc yake umadwalitsa wowotcherera.

Ndisanaiwale, masipanala. Mabawuti a galimotoyi ndi a mainchesi. Gulani a 7/16, 1/2 ndi 9/16 musanagwire ntchito iliyonse. Sipanala ya 13 imalowa pa nati ya 1/2 koma imagwedera, ndipo pa nati yadzimbiri imangoidya makona. Bawuti ya metiriki yokakamizira m'bowo la mainchesi imaononga mazinga, ndipo zikachitika pa buloko ya injini ntchito ya mphindi zisanu imasanduka ya sabata.

Injini mungaidzutse ntchito ya bodi isanayambe, poti sizidula ndipo mudziwiratu ngati ikufuna kuphwasula. Yanuyo ndi B-series ya 1798cc, ya mabering'i aakulu asanu, injini yolimba zedi. Chotsani mapulagi, thirani supuni ya oyilo m'silinda iliyonse, igone usiku. M'mawa chotsani chivundikiro cha pamwamba, muizungulitse ndi dzanja mukuona ngati mavavu onse 8 akutsika ndi kubwerera. Vavu yokanirira imapinda pushrod, kandodo kotsegula vavuyo, mukangoliza sitata. Tayani oyilo wakale, sinthani fyuluta, thirani 20W-50, pafupifupi malita 4. Mapulagi asanabwerere, zungulitsani ndi sitata mpaka geji ya oyilo inyamuke. Petulo asachokere m'thanki yakale. Pachikani kachigubu koyera pamwamba pang'ono pa makabuleta, petulo atsike yekha, ndipo chozimitsira moto chikhale pafupi.

Ikalira n'kutentha, geji ya oyilo isonyeze pakati pa 50 ndi 80 psi mukaponda moto, ndipo isatsike pansi pa 10 ikamalira yokha. Yezani kompulesheni injini ili yotentha, mutaponda moto mpaka pansi. Mungapeze pakati pa 130 ndi 170 psi malinga ndi mapisitoni omwe alimo, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe nambala imatsikako chifukwa mpweya ndi wopepuka. Chachikulu n'chakuti masilinda anayi afanane, asasiyane koposa gawo limodzi mwa magawo 10. Imodzi ikatsika, thiranimo oyilo pang'ono muyezenso. Nambala ikakwera ndiye maling'i; ikakhala pomwepo ndiye mavavu. Ya 2 ndi ya 3 zikatsikira pamodzi, ganizirani gasiketi.

Pakati pa masilinda awiri amenewo ndi pomwe hedi ya injini iyi, chitsulo chovundikira masilinda momwe muli mavavu, imavutira. Utsi wa onse awiri umatulukira pa bowo limodzi, choncho pamatentha kuposa pena paliponse, ndipo hedi imatha kung'aluka pamenepo. Mukaichotsa ipite kukayezedwa ming'alu musanaonongerepo ndalama. Ikakhala yabwino, aikemo mipando yolimba ya mavavu a utsi. Injiniyi inapangidwira petulo wa mtovu, amene ankateteza mipandoyo. Ndi petulo wa lero, pa maulendo aatali othamanga, vavu imamira pang'onopang'ono m'chitsulo cha hedi, ndipo chizindikiro chake ndi mpata wa mavavu a utsi womwe umangotsekeka ngakhale mwangokonza kumene. Manati a hedi amangidwe 45 mpaka 50 lb ft kuyambira pakati kupita kunja, ndipo mudzamangenso mukayenda makilomita 800.

Ngati muziyendera ku Malawi kapena ku Zimbabwe, kumbukirani kuti petulo wake ndi wosakaniza ndi ethanol. Ethanol amafewetsa mapaipi a labala akale, amatsuka zinyalala za m'thanki n'kuzitumiza ku makabuleta, ndiponso amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa. Mapaipi onse a petulo asinthidwe ndi olembedwa SAE J30 R9. Thanki ya MGB imawolera pamwamba, pomwe simungaone isanatsitsidwe. Fungo la petulo m'buti mukadzaza ndilo limaulula. Yatsopano ndi yabwino kuposa yomata. Pampu yake ndi yamagetsi, ili kumbuyo, ndipo mukayatsa kiyi imagogoda kangapo n'kukhala chete. Ikafa musaikepo ya galimoto ya injection, idzasefukiza makabuleta pamwamba penipeni pa paipi yotentha ya utsi. Pamafunika yofooka, ya 3 psi kapena kucheperapo.

Ledieta ipite kukatsukidwa kapena kuikidwa m'kati mwatsopano, ndipo buloko itsukidwe mpaka madzi atuluke oyera. Themositati musaitaye monga amachitira ambiri. Ikani ya madigiri 74 kapena 82, ndipo m'madzi muzikhala mankhwala oletsa dzimbiri.

Makabuleta awiri a SU HS4 amanamiziridwa milandu yambiri yomwe si yawo. Muwagwire pomaliza. Yambani ndi mavavu, mpata wa milimita 0.38 injini ili yozizira. Mapointi nawonso 0.38, mapulagi 0.64; mawaya a mapulagi atsatane 1-3-4-2; kenako taiming'i monga mwa buku, n'kubweza pang'ono ikamalira ngati timiyala pokwera mtunda. Zimenezi zikakhala bwino, gwedezani kamtengo ka thirotolo pa kabuleta iliyonse. Kakamagwedera m'bowo mwake, mpweya ukulowera pamenepo, ndipo palibe kachunidwe komwe kangakhazikike mpaka mutaika mabushi atsopano. Poyambira kuchuna, kwezani jeti ifanane ndi pamwamba pake, kenako muitsitse pozungulitsa nati kawiri kathunthu. Injini ikatentha, tukulani pisitoni ya kabuleta pang'ono, osafika milimita imodzi. Kulira kukakwera pang'ono n'kubwerera, mwapeza. Kukakwera n'kukhala komweko, petulo wachuluka. Injini ikafuna kuzima, wachepa. Pamwamba pa kabuleta iliyonse pamathiridwa oyilo wopepuka. Pakauma, galimoto imatsamwa mukaponda moto mwadzidzidzi.

Mabuleki alibe zokambirana. Ma MGB ambiri a nthawi imeneyo ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, ndiye paipi imodzi ikaphulika matayala onse anayi asiya kugwira. Pakatha zaka 10 galimoto ili chiimire, sinthani zonse: masitala silinda, mapaipi atatu a labala, masilinda a kumbuyo, mapisitoni ndi masili a makalipa, ndi mapaipi achitsulo omwe achita dzimbiri. Paipi ya labala yakale imatupa m'kati, mafuta n'kumapita koma osabwerera, buleki n'kumagwira yokha mpaka tayala kutentha. Mafuta ake ndi DOT 4. Fumbi la m'madiramu musalipemerere ndi kompuresa, nsapato zakale zinali ndi asbestos. Litsukeni lili lonyowa. Matayala nawo atayidwe ngakhale mano ake akuoneka atsopano, labala wake anauma.

Kutsogolo kuli ma kingpin, timitengo tachitsulo tomwe matayala amatembenukirapo pokhota, ofuna girizi makilomita 5,000 aliwonse, ndipo pa misewu yafumbi musadikire kufika pamenepo. Kwezani tayala, ligwireni pamwamba ndi pansi, muligwedeze wina ataponda buleki. Kugwedera kukapitirira ndiye ma kingpin. Mashoko ake ndi a mkono, ndipo akutsogolo ndiwo amagwiranso tayala kumtunda, choncho akatha galimoto imayenda mopepesuka. Mabushi apansi ikani a mtundu wa MGB V8, amakhalitsa kuposa oyambawo. Sipuling'i yakutsogolo imapha munthu ikamasulidwa mosasamala. Jeke ikhale kunsi kwake, injini ili momwemo kuti ipondereze. Mu giyabokosi mumalowa oyilo yemweyo wa injini, 20W-50, pamene mu difu mumalowa EP90. Kusintha kilachi kumafuna kutulutsa injini, ndiye tsiku lomwe injini yatuluka sinthiranitu zonse za kilachi. Bering'i ya kilachi ndi ya kaboni, imadyeka mukazolowera kuima pa maloboti phazi lili pa kilachi.

Mawaya a Lucas ali ndi dongosolo la mitundu lomwe mukalidziwa ntchito imapepuka. Wabulauni ali ndi moto nthawi zonse wopanda fuzi, woyera amakhala ndi moto kiyi ikayatsidwa, wobiriwira chimodzimodzi koma kudzera pa fuzi, wapepo nthawi zonse kudzera pa fuzi, wakuda ndi wa ethi, wofiira ndi wa nyali zazing'ono, wabuluu wa nyali zazikulu. Mavuto ambiri ali pa malumikizidwe adzimbiri ndi ma ethi omasuka. Mawaya akakhala ouma, osweka kapena odzaza zolumikiza za selotepi, gulani mtolo wonse watsopano. Ndi wotchipa kuposa galimoto yopsa. Ikani ma relay awiri pa nyali zazikulu kuti moto wonse usamadutse pa switchi. Mabatire awiri a 6V mungawasinthe ndi imodzi ya 12V yokwana m'chikhwere chimodzi, yomangidwa bwino.

Tsopano zosintha zija. Ine ndimaziyeza ndi funso limodzi: kodi chinthuchi chichititsa kuti galimotoyo muziiyendetsa kawirikawiri? Pa muyeso umenewo, choyamba ndi overdrive, giya yowonjezera yochepetsa kulira kwa injini pothamanga. MGB ya magiya anayi imalira kwambiri pa 100 km/h chifukwa difu yake ndi ya 3.9. Fakitale inkaika overdrive ya Laycock kwa woifuna, yogwira pa giya 3 ndi 4, ndipo imatsitsa kulira kwa injini pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Giyabokosi yakale yokhala nayo imalowa popanda kudula bodi. Ikasowa, pali zida zoikira ya magiya asanu ya Ford Type 9 kapena ya Mazda MX-5. Chachiwiri ndi kachipangizo ka electronic kolowa m'malo mwa mapointi, koma mapointi akalewo muziyenda nawo m'buti pamodzi ndi kondensa. Chachitatu ndi chitsulo choletsa kupendama chakutsogolo cha mamilimita 19, chomwe chimasintha kakhotedwe kuposa mmene mtengo wake ungakuganizitseni.

Za marimu aakulu ndikukuletsani. Galimotoyi inabwera ndi a mainchesi 14, ndipo tayala la 165 R14 kapena 185/70 R14 limaikwana. A mainchesi 15 opapatiza amatheka. Kupitirira apo, matayala amakhula m'madigadi akumbuyo momwe mpata ndi wochepa kale, chiwongolero chopanda pawa chimalemera, ndipo tayala lopyapyala limapereka nkhonya ya dzenje lililonse ku ma kingpin ndi mashoko omwe sanapangidwire zimenezo. Kuitsitsa pansi n'chimodzimodzi. Paipi ya utsi ya MGB imayenda pafupi ndi nthaka kale, ndipo hampu yoyamba idzakuuzani.

Mukafuna mphamvu, B-series yomweyo ili ndi poyambira. Inatuluka ndi 95 bhp. Poiphwasula mungakulitse masilinda ndi 0.060 ya inchi kuti ifike 1868cc, hedi ikonzedwe njira za mpweya ndi munthu wodziwa, muike kamushafuti yapamsewu yosapitirira muyeso, mafyuluta opuma bwino ndi singano za makabuleta zogwirizana nazo. Mukatero mufika cha m'ma 110 bhp, injini ikulirabe modekha pa maloboti. Kamushafuti yothamangira mpikisano imachotsa mphamvu yonyamukira, yomwe ndiyo mumaigwiritsa tsiku lililonse. Kabuleta ya Weber 45 imamveka bwino m'makutu, koma pa injini yapamsewu imamwa petulo wambiri popanda phindu lenileni kuposa ma SU okonzedwa bwino. Kamushafuti yatsopano imafuna ma tappet atsopano (tizitsulo tomwe imakankha potsegula mavavu), ndipo poiliza koyamba injini ikhale pa 2,000 mpaka 2,500 rpm kwa mphindi 20 osaisiya kulira yokha. Mukalakwitsa apa, imadyeka sabata yomweyo.

V8 si maloto, poti fakitale yomwe inachita zimenezo: MGB GT V8 ya 1973 mpaka 1976 inali ndi injini ya Rover ya malita 3.5, ya aluminiyamu, yosalemera kuposa yachitsulo yanuyo. Koma bodi ya 1970 sinakonzedwere. Pafunika kusintha madigadi am'kati ndi khoma la kuseri kwa injini, kusunthira ledieta kutsogolo, ndi kukonza podutsa mtengo wa chiwongolero. Bodi za kumapeto kwa 1974 kupita m'tsogolo, za mabampala a labala, ndizo zili ndi malo okwanira kale. Injini yochokera mu Range Rover kapena Discovery imafuna kusintha chivundikiro chakutsogolo, sampu ndi mapaipi a utsi, ndipo giyabokosi ya 4x4 siingalowe. Difu ya 3.9 iyenera kuchoka, V8 ya fakitale inali ndi 3.07. Onjezani ledieta yaikulu ndi mabuleki. Zonsezi pamodzi zingadye ndalama zoposa kukonza galimoto yonse. Malangizo anga ndi akuti muiyendetse chaka chathunthu ndi injini yake. Mukadzafunabe V8, bodi yolimba ndi mabuleki abwino zidzakhala zilipo kale, ndipo injini yakaleyo mudzaisunge, chifukwa ogula magalimoto otere amaifunsa. Kusintha injini kumafunanso kukalembetsa nambala ya injini yatsopanoyo ku Road Traffic. Ndipotu nambala za bodi ndi injini muzifananize ndi za m'buku la galimoto panopa, musanawononge kwacha ndi imodzi yomwe.

Penti ibwere zitsulo zonse zitatha. Palani mpaka pa chitsulo, popeza simukudziwa zomwe eni akale anabisa. Chitsulo choyera chisagone masiku, chipoperedwe pulaimala ya epoxy tsiku lomwelo. Pulaimala wamba yotuwa imamwa chinyezi, dzimbiri n'kuyambira kunsi kwake. Fila ndi wosalazira chabe, asapitirire mamilimita 2 kapena 3. Pomwe pakufuna wochuluka, chitsulo chiwongoledwe kaye. Musanapopere mtundu, bwezerani zitseko, boneti, buti, mabampala, nyali ndi felemu ya galasi, muone ngati zonse zikukhala, poti bowo loboola pa penti yatsopano limayamba dzimbiri mvula yoyamba. Poperani nyengo yopanda mvula, pansi mutathira madzi kuti fumbi lisauluke. Penti ya 2K ili ndi mankhwala owononga mapapo omwe kansalu kapamphuno sikangatchinge, choncho wopopera akhale ndi chopumira choyenera.

Penti ikauma, poperani phula loletsa dzimbiri m'kati mwa ma sill, m'zitseko ndi m'mabokosi onse a kunsi, pogwiritsa kapaipi kolowa m'mabowo. Lichitike pambuyo pa penti, chifukwa phula likakhudza chitsulo penti siigwira. Oyilo wakale wa injini asalowe m'malo mwake, amangotsika n'kuononga labala. Mukamaliza, tokosani ndi kawaya mabowo otaya madzi a kunsi kwa sill ndi zitseko kuti phulalo lisawatseke, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha muzimasula tizitsulo ta kuseri kwa matayala akutsogolo n'kutsuka matope ndi paipi ya madzi.